Wodwala Akati “Ndatopa, Ndisiyeni Ndipite”

Ana anga a kuno ku Mindolo, ndi inu a ku Chimwemwe, Buchi ndi Wusakile, pali mawu amene tsiku lina mudzawamva kuchokera pakamwa pa munthu amene mumamukonda, ndipo ndikufuna kuti akadzakufikani adzakupezeni okonzeka. Kawirikawiri amabwera usiku, nyumba yonse itagona, inu muli pamkeka pafupi ndi bedi. Wodwala amati, “Ndatopa, ndisiyeni ndipite.” Wina amanena m’Chibemba, wina m’Chinyanja cha kwathu kum’mawa, koma kulemera kwake n’kumodzi. Wina amafika pogwira namwino dzanja n’kumuchonderera kuti, “Mwana wanga, ndibaye jakisoni woti ndigone osadzukanso.”

Ine ndinayamba kudwazika anthu m’zaka za m’ma 1990, edzi itavuta m’makomboni muno. Nthawi imeneyo Dayosizi ya Katolika ya Ndola, pansi pa Bishopu Dennis de Jong, inali ndi ntchito yoyendera odwala m’makomo mwawo, monga chinali chitayambira kale chipatala cha Chikankata kumwera mu 1987. Amayi a mipingo yosiyanasiyana tinalowa ntchito imeneyo popanda malipiro. Ma ARV aulere anadza pambuyo, cha m’ma 2005. Tisanawaone, zida zathu zinali sopo, magolovesi, panado ndi manja athu. Mawu aja ndinawamva kuchokera kwa anyamata a mumgodi, kwa aphunzitsi, kwa amayi ogulitsa pamsika wa Chisokone, ngakhale kwa akulu a mpingo amene ankatsogolera mapemphero. Palibe mmodzi mwa iwo amene ndingamutchule wofooka kapena wopanda chikhulupiriro.

Inu a masiku ano mumawerenga pafoni kuti m’maiko ena pempho lotere dokotala amaloledwa kuliyankha. Nzoona. Chigawo cha Oregon ku America chinayamba mu 1997, ndipo kumeneko dokotala amalemba mankhwala, wodwala n’kumwa yekha. Netherlands ndi Belgium anatsegula khomo mu 2002, ndipo uko dokotala angathe kupereka mankhwalawo ndi dzanja lake. Canada inalola mu 2016, kenaka mu 2021 inakulitsa lamulo kuti lifikire ngakhale anthu amene akuvutika koma imfa yawo siili pafupi.

Musafulumire kunena kuti amenewo ndi maganizo a azungu osaopa Mulungu. Akibishopu Desmond Tutu wa ku South Africa, amene anakhala ndi khansa kuyambira 1997, analemba mu 2014 kuti wasintha maganizo ndipo akugwirizana nazo zoti munthu amene akufa athandizidwe kufa mwaulemu. Chimodzi chimene chinamupweteka mtima ndi mmene Nelson Mandela anasungidwira m’miyezi yake yomaliza, andale akujambulitsa naye zithunzi iye asakutha kulankhula bwino. Mu 2016, atakwanitsa zaka 85, Tutu ananena kuti nayenso angafune kukhala ndi ufulu umenewo nthawi yake ikakwana. Ku South Africa komweko, loya wina wodwala khansa, Robert Stransham-Ford, anapempha khoti la ku Pretoria kuti dokotala amuthandize. Pa 30 April 2015 woweruza Hans Fabricius anavomera, osadziwa kuti mwini pempho anali atamwalira maola ochepa m’mbuyomo. Khoti lalikulu la apilo linafafaniza chigamulocho mu December 2016. Anthu amenewa ankanena za ululu weniweni, ndipo ayenera kumvedwa mwaulemu.

Kuno ku Zambia lamulo sililola. Wofulumizitsa imfa ya munthu wodwala amatengedwa kuti ndiye wachititsa imfayo, ngakhale matendawo akanamupha ndithu, ngakhale mwiniwake atapempha. Ine ndikufuna lamulo likhale momwemo. Koma ndikukupemphani kuti pokana musabisale kuseri kwa mawu akuti Zambia ndi dziko lachikhristu, monga a Chiluba analengezera mu December 1991, n’kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mayi amene akubuula usiku wonse ku Ipusukilo sathandizidwa ndi chilengezo. Zifukwa zanga zokanira ndinazitola pamphasa za odwala, ndipo chilichonse mwa izo chimatipatsa ntchito ife otsala.

Choyamba chimene ndinaona n’chakuti ambiri opempha imfa amakhala akupempha kuti ululu usiye. Taganizani za bambo amene anagwira zaka zambiri pansi pa mgodi wa Nkana, pa shafuti ya Mindola imene mumaiona tsiku ndi tsiku. Fumbi la mwala linalowa m’mapapo, linaumitsa mapapowo, ndipo kawirikawiri chifuwa chachikulu chimabwera pamwamba pake. Ofesi yoyeza mapapo a anthu a m’migodi, imene tsopano ikutchedwa Occupational Health and Safety Institute, ili mu Kitwe momwemuno kuyambira nthawi ya atsamunda, chifukwa matendawa si achilendo. Munthu wotere pamapeto pake satha kugona chagada. Amakhala tsonga, mapewa ali m’mwamba, kufunafuna mpweya. Taganizaninso za mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene anazindikira mochedwa. Chipatala cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna chithandizo chowotcha khansa ankayenera kuyenda makilomita oposa 350 kuchokera kuno, n’kupeza pogona, n’kudikira mzere. Ambiri anabwerako ndi kalata yonena kuti nthenda yapita patali, akasamalidwe kunyumba. Kunyumbako kunali panado.

Chimene chimandiwawa n’chakuti mankhwala a ululu wotere alipo, ndipo si odula. Dzina lake ndi morphine. Mu 1993 Dokotala Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala, ndipo anaonetsa kuti ufa wa morphine ungasungunulidwe m’madzi, n’kuthiridwa m’botolo, wodwala n’kumamwa ali kwawo pa nthawi zoikika. Mu 2004 Uganda inalola anamwino ndi madokotala aang’ono ophunzitsidwa bwino kulemba mankhwalawa, chifukwa madokotala akuluakulu sangafike mudzi uliwonse. Ku Malawi, ku Ndi Moyo ya ku Salima ndi ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amagwira ntchito yomweyo. Komabe bungwe la akatswiri la magazini ya Lancet linapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a padziko lonse limalandira zosakwana 1 peresenti ya morphine yense amene amagawidwa. Ife tili m’theka limenelo. Ndiye munthu akandiuza kuti tipatse odwala athu ufulu wosankha imfa, ndimafunsa kuti: tawapatsa kale ufulu wosankha usiku wopanda ululu? Pamene khomo limodzi lokha ndi lotseguka, wotulukira pamenepo sanasankhe.

Ndaona ndi maso anga munthu amene ankapempha imfa, atayamba kumwa morphine moyenera, akugona tulo kwa nthawi yoyamba, n’kudzuka akufunsa phala ndi kuitanitsa mdzukulu wake. Sanachire. Anamwalira patapita masabata angapo. Koma masabata amenewo anali ake, ndipo anawagwiritsa ntchito kukonza zimene zinali pamtima pake. Choncho mukamva achibale akunena kuti morphine ndi mankhwala omalizira munthu, kapena kuti agogo adzazolowera ngati chidakwa, akonzeni mwaulemu. Akaperekedwa ndi wodziwa, kuyambira pang’ono n’kumawonjezera molingana ndi ululu, amachotsa ululu ndipo amachepetsanso kubanika. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo za chimenechi mufunse mankhwala tsiku lomwelo.

Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher’s Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akufa suli m’thupi mokha. Uli m’maganizo, uli m’banja, uli mu mzimu. Apa mpamene pali chifukwa changa chachiwiri, ndipo ndicho cholemera kwambiri kwa ife a ku migodi.

Makolo anu anakulira m’nthawi ya ZCCM, pamene kampani ya migodi imeneyi inkapereka nyumba, chipatala, sukulu ngakhale bokosi la maliro. Migodi itagulitsidwa, Nkana n’kupita m’manja mwa kampani ya Mopani mu 2000, ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo matenda anasanduka ngongole ya banja. Wodwala amaona zonse ali chigonere. Amamva kunong’onezana kukhitchini. Amadziwa kuti mwana wamkazi wasiya malonda ake kuti azimusambitsa, kuti wailesi yagulitsidwa, kuti mdzukulu wabwezedwa ku koleji. Akamati “ndatopa,” nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti “ndakutopetsani.” Bambo wina anandiuza mosabisa kuti akudya ndalama za sukulu za ana, ndipo kuli bwino achoke ana aphunzire. Ameneyo ankapempha imfa chifukwa cha chikondi, ndipo n’chifukwa chake pempho lake linali loopsa kulivomera.

Ku Oregon boma limasindikiza malipoti chaka ndi chaka, ndipo amaonetsa kuti zifukwa zimene opempha amatchula kwambiri ndi kutaya ufulu wodzichitira zinthu ndi kulephera kuchita zimene ankakondwera nazo. Ambirinso amatchula kuopa kukhala mtolo kwa abale, ndipo ululu umatchulidwa mocheperapo kuposa zimenezi. Ngati anthu a dziko lolemera amaopa kukhala mtolo, nanga gogo wa ku Kamitondo amene penshoni ya mwamuna wake inatha kalekale? Lamulo likangoloza khomo limenelo, sipadzafunika wina womukankha. Adzadzikankha yekha, ndipo aliyense amene asankha kukhalabe ndi moyo adzayamba kumva ngati ali ndi mlandu wofunika kuufotokoza.

Ndipo tisanamizane, okankha aliponso. Nyumba za mgodi ndi za khonsolo zitagulitsidwa kwa okhalamo kumapeto kwa zaka za m’ma 1990, nyumba inasanduka chuma chachikulu cha mabanja ambiri kuno. Lamulo logawa chuma cha masiye la 1989, Intestate Succession Act, linabwera chifukwa akazi amasiye ankalandidwa ngakhale mapoto, ndipo mpaka lero kulanda sikunathe. Maiko amene amalola imfa yothandizidwa amadalira mfundo yakuti munthu amasankha yekha, madokotala awiri n’kutsimikiza kuti palibe womuumiriza. Kwathu kuno wodwala sasankha yekha ngakhale chipatala chopitako. Amalume amalankhula, azakhali amalankhula, mwana amene amatumiza ndalama kuchokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg amalankhula kwambiri. Mwambo umenewu umatisunga nthawi zambiri, koma dokotala amene ali ndi mzere wautali panja angadziwe bwanji liwu limene ndi la wodwala ndi limene ndi la woyembekezera nyumba?

Palinso nkhani ya chikhulupiriro cha anthu pa chipatala. Agogo anu anakulira m’mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo usiku kukawapopa magazi, ndipo a zachipatala ankakayikiridwa nawo. Mantha amenewo sanafe onse. Mliri wa Covid utakula mu 2021 tinamva anthu akukana kupita kuchipatala poopa kuti akakangoikidwa pa mpweya ndiye kuti basi. Zatenga zaka zambiri kuti mayi akhulupirire kuti jakisoni wa namwino ndi wochiritsa. Tsiku limene kudzamveke kuti pali jakisoni wina wololedwa wopha, odwala ambiri ochiritsika adzafera m’nyumba poopa kugonekedwa.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ambiri amasokoneza. Kukana kupha sikutanthauza kukakamiza munthu kulandira chithandizo chilichonse mpaka mpweya womaliza. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wonena kuti, “Opaleshoni inanso ayi, ulendo wa ku Lusaka ayi, ndiperekezeni kwathu.” Akafuna kukafera ku Katete kapena ku Chadiza kumene kuli manda a makolo ake, mukonzereni ulendo akadali ndi mphamvu zokwera basi. Pamenepo chimene chamupha ndi nthenda, inu mwangoleka kulimbana nayo pamene kulimbanako kwasanduka chizunzo. Ngakhale Papa Pius XII, polankhula ndi madokotala mu 1957, anavomereza kuti wodwala amene akufa apatsidwe mankhwala amphamvu a ululu ngakhale zitakhala kuti angafupikitse masiku ake, malinga cholinga chikhale kuchotsa ululu. Mabanja ambiri amagulitsa zonse kuthamangitsa machiritso amene dokotala akudziwa kuti kulibe, poopa kuti anthu anganene kuti anamutaya. Mukakhala pamsonkhano wa banja wotere, funsani funso limene akuluakulu amaiwala: mwiniwake akuti chiyani?

Kuti ayankhe, ayenera kudziwa zoona. Tili ndi chizolowezi chokokera dokotala pambali n’kumuuza kuti, “Musawauze, angataye mtima.” Kenaka tonse timalowa m’chipinda ndi nkhope zoseka, “Muchira, amayi, limbani mtima.” Wodwala amadziwa thupi lake. Amaona kuti tikunama, ndiye nayenso amayamba kutinamiza kuti atiteteze, ndipo amatsala yekhayekha pakati pa anthu odzaza nyumba. Sindikunena kuti mumugwetsere nkhani ngati mwala. Mufunseni zimene akuganiza za matenda ake, ndi kuchuluka kwa zimene akufuna kudziwa. Ena safuna kumva zambiri, ndipo zimenezo muzilemekeze. Koma amene akufuna kudziwa muuzeni, kuti alembe wilo, anene za ana, aitane m’bale amene anakangana naye, alandire mgonero. Ndipo mumuteteze kwa aneneri ogulitsa mafuta ndi madzi, amene amauza odwala kuti ataye mankhwala, wodwala akafooka n’kumunena kuti chikhulupiriro chake n’chochepa. Mumutetezenso kwa oombeza amene amaloza gogo wa m’banja momwemo kuti ndiye mfiti. Munthu asafe akuganiza kuti Mulungu wamukana kapena kuti mayi ake omubala amudya.

Pali chinthu chimene ndiyenera kuchinena ngakhale chikuwawa. Ife amene timanyansidwa tikamva za Netherlands tili ndi njira yathu yofulumizitsira imfa, ndipo siifuna dokotala. Wodwala amasamutsidwira kuchipinda chakuseri chifukwa cha fungo. Mbale ya nsima imaikidwa pakhomo, osaona ngati watha kuifikira. Satembenuzidwa, zilonda zimatuluka pamsana ndi m’chiuno. Alendo amachepa mpaka kutha. Tsiku la maliro ndiye tenti imakhomedwa, mabasi amabwerekedwa, bokosi lonyezimira limatsogolera mzere wa magalimoto kupita kumanda a Chingola Road, zitenje zofanana zitasokedwa usiku umodzi. Ndalama zimene zinasowa pogula matewera ndi sopo zimapezeka zonse pa tsiku limenelo. Amene akuti dokotala asaphe, ayambe wayankha za chipinda chakuseri chija. Inu achinyamata mungathe kusintha zimenezi popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Pagulu la WhatsApp la banja, yambitsani chopereka wodwala akadali moyo.

Ndiye usiku uja ukadzafika, mudzatani? Musamudzudzule kuti akuchimwa, ndipo musathamangire kunena kuti “musalankhule choncho.” Khalani pansi, mugwireni dzanja, mufunseni kuti, “Chakutopetsani kwambiri n’chiyani?” Kenaka khalani chete nthawi yaitali. Akati ndi ululu, m’mawa mupite kukiliniki kapena ku Kitwe Teaching Hospital, munene momveka kuti panado sakugwira ntchito, kuti wodwala sagona, ndipo mufunse za morphine ndi za anthu ophunzitsidwa kusamalira odwala amene sadzachira. Mukabwezedwa, pitaninso, ndipo funsani ku parishi kapena ku mpingo wanu ngati kuli gulu loyendera odwala. Akati ndi manyazi osambitsidwa ndi mwana wake, pezani wamkulu mnzake womusambitsa, ndipo muzimufunda chitenje posambapo. Akati ndi ndalama, muuzeni zoona za mmene mwagawirana mtolowo, kuti aone kuti sunagwere munthu mmodzi. Akati ndi mantha a imfa yeniyeniyo, muitanireni mbusa kapena wansembe wodziwa kumvetsera. Dziwaninso kuti matenda a maganizo, aja okhumudwa kwambiri, amagwira odwala ngati mmene amagwirira ena onse, ndipo ali ndi chithandizo. Munthu amene sali pafupi kufa akayamba kulankhula zofuna imfa, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zina ndi ntchito za manja zimene aliyense angaphunzire. Kumutembenuza pakapita maola awiri aliwonse. Kumunyowetsa milomo ndi kansalu koyera pamene sakutha kumeza. Kusamukakamiza chakudya m’masiku omaliza, chifukwa thupi likamatseka silifunanso, ndipo kukakamiza kumangomutsamwitsa. Anyamata, ntchito imeneyi ndi yanunso. Nthawi zambiri imagwera mtsikana mmodzi, amene amasiya sukulu n’kukhala miyezi osagona, mpaka tsiku lina nayenso amalakalaka mumtima kuti zithe, kenaka n’kudzida chifukwa cha ganizo limenelo. Wodwazika wotere si woipa. Akufunika womulandira usiku kuti akagone.

Kwa inu amene mukuphunzira udokotala ku Michael Chilufya Sata School of Medicine ku Ndola, ndi inu a unamwino, mawu akuti “palibenso chimene tingachite” muwachotse pakamwa panu. Nenani kuti nthendayi sitingaichize, koma ululu, nseru ndi kubanika tingazichepetse, ndipo sitikutayani. Musaope kulemba morphine chifukwa cha mapepala ochuluka amene amafunika. Ndipo inu amene mukuphunzira ubusa kuno ku Mindolo, kumene United Church of Zambia inabadwira mu 1965, phunzirani kukhala pafupi ndi bedi popanda kulalikira.

Sindikubisirani kuti pali ochepa amene ngakhale zonsezi zitachitika amavutikabe koopsa. Amenewo ndiwo Tutu ankawanenera, ndipo ndikawakumbukira mtima wanga sukhala m’malo. Kwa otere madokotala odziwa ali ndi njira yowagoneka tulo tatikulu m’masiku omaliza kuti asamve kuwawa, imfa n’kubwera pa nthawi yake, ndipo njira imeneyo ndimaivomereza. Kupitirira pamenepo ine sindipita. Mwina m’badwo wanu udzakhala pansi kukambirananso nkhaniyi, ndipo malo ake alipo, chifukwa Mindolo Ecumenical Foundation inakhazikitsidwa mu 1958 kuti anthu osiyana maganizo azikumana pa nkhani zovuta. Mukadzakumana, mudzaitane amayi amene anadwazika m’makomboni, akazi amasiye a anthu a mumgodi, ndi odwala eniake amene akadatha kulankhula. Ndipo musanafike pa funso la jakisoni, mudzayambe mwawerenga kuti ndi makiliniki angati a mu Kitwe ndi Ndola amene ali ndi morphine m’kabati, ndi anamwino angati amene aphunzitsidwa kumupereka.